Zikomo nonse, lipenga lalira

Abale anga, dzulo ndaimba nawo m'bandi ya kutchalitchi kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira, mlomo osatupa. Ambuye alemekezeke. Za ngozi ya kabaza ija ya pa Mpondabwino mukuzidziwa kale, mlomo wapamwamba kusokedwa, dzino kuguluka, ndiye sindibwereza. Ndatopa kwambiri koma tulo sitibwera ndisanathokoze.

Madala athu a ku Chinamwali, inu amene munapuma pa ntchito ya bandi, ndikugwadirani. Atandichotsa ulusi, ine mtima unali pa manotsi okwera, koma chimatuluka chimphepo chokhachokha. Inu munandilanda mabuku onse n'kundipatsa pepala limodzi lolemba pamanja ndi pensulo. Pamwamba pake notsi ya G wapansi, kenako F sharp wodina mavalavu (mabatani a lipenga) onse atatu, pamene pamathera mawu enieni a lipenga la B-flat. Notsi iliyonse kuikoka motalika, motsitsa, kenako lipenga pamwendo n'kupuma nthawi yofanana ndi imene ndaimba. Ndikafulumira, mumangogogoda ndodo pansi osayankhula.

Phunziro loyamba la m'buku lophunzirira lipenga la Herbert L. Clarke la 1912, loyambira pa F sharp yemweyo, munandilola mlomo utasiya kunjenjemera. D ndi C sharp apansi akakwera mopitirira, mumandimenya kachala kuti ndikankhe slide yachitatu, kapaipi kotsitsira mawu. Ndiye panabwera ma pedal, manotsi a pansi pa F sharp amene lipenga silifuna kupereka. Abale, poyamba amamveka ngati chule wa mu Likangala! Ana a neba ankagubuduka ndi phwete kuseri kwa mpanda. Madala osaseka. Ankangoti nsagwada itsike pang'ono, mpweya utuluke wofunda komanso wambiri, koma mouthpiece, kachitsulo kouzirapo, isasunthe pamalo pake ndipo mlomo usapindikire kunja. Akuti pedal yobera mosuntha mlomo ilibe phindu, chifukwa pobwerera ku C wapakati uyenera kukwera osachotsa lipenga pakamwa. Ndikamaliza ankandiyang'ana mlomo. Akaona mkombero wofiira wozama, ndiye kuti ndimakanikiza, basi tsikulo zathera pompo.

Ndalama sanalandirepo. Ndinawatengera shuga ndi sopo, anandikalipira.

Mayi a kunyumba, zikomo popirira kulira kwa chule m'mawa uliwonse, ndi phala lija la masiku amene nsima inkandikanika. Aneba a ku Matawale, anyamata a kwaya amene munkandiperekeza kuchipatala, ndi inu amene munkatumiza kangachepe pa foni, Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo. Amene munkandifunsa mtengo wa lipenga ulusi ukadali pamlomo, dzulo ndinakuonani pabenchi yakumbuyo. Silikugulitsidwa.

Koma madala, inu. Mvula ikugwa kuchokera kuphiri, munkakwerabe minibasi ndi ambulera yothyoka kudzangomva ngati F sharp wanga wayera. Dzulo munakhala kutsogolo, ndipo pa nyimbo yachopereka, pamene gawo langa limatsikira ku G wapansi, ndinakuonani mukugwedeza mutu kamodzi. Ndinatsala pang'ono kuphonya polowera. Yehova akusungireni moyo wautali, akuchizeni mawondo akuvutaniwo.

Mwanena kuti pedal C wanga akadali wotsika pang'ono ndipo pepala lachiwiri simundipatsa asanakhazikike. Ndamva. Loweruka ndibwera ndi mafuta a mavalavu, ndipo shuga ulendo uno mulandira basi.