Mamita 30 pakati pa madzi ndi chimbudzi: pimani musanakumbe

Kuno kum'mawa kwa Zambia ambiri timayamba ndi nyumba, kenako chimbudzi, ndipo chitsime chimakumbidwa pamene patsala malo. Tiyenera kuyamba ndi madzi, zina zonse zitsatire, chifukwa chimbudzi mungachisunthe koma borehole simungaisamutse.

Lamulo la madzi la 2011 ndi limene linakhazikitsa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, ndipo mu 2018 panatuluka Statutory Instrument 20 yokhudza madzi a pansi pa nthaka. Musanaboole muyenera kudziwitsa a WARMA, wobowolayo akhale ndi laisensi yawo, borehole ilembetsedwe ngakhale ili yakale, ndipo italikirane ndi chimbudzi, septic tank (thanki yolandira zonyansa za chimbudzi cha madzi) kapena soakaway (dzenje lomwetsa nthaka madzi otuluka m'thankiyo) mamita osachepera 30. Malo angakhale opatsidwa ndi amfumu, lamuloli limagwirabe ntchito. Mamitawa amawerengedwa mpaka ku chimbudzi cha mnansi wanu, si chanu chokha, ndipo apa mpamene mapuloti ang'onoang'ono a m'mbali mwa Chipata amavutira. Chitsime chokumba ndi manja nachonso chipatseni mtunda womwewo kapena kuposa, poti n'chosaya ndipo uve umachifikira msanga.

Koma tepi yokha sikwanira. Chipata ndi wa mapiri, ndipo madzi a pansi amatsata kutsetsereka kwa malo. Chimbudzi chikhale kumunsi, chitsime kumtunda. Pamwala wa ming'alu uve umayenda mtunda wautali osasefedwa, choncho wonjezerani mamita. Chinanso chimene chimapusitsa anthu ndi nyengo: dzenje lokumbidwa mu October limaoneka louma gwa, koma pofika February madzi amakhala atakwera. Suzumirani m'chitsime chapafupi mvula ili pakati, muone pamene madzi afika. Pansi pa dzenje la chimbudzi pazikhala mita imodzi ndi theka kapena mamita 2 pamwamba pa mlingo umenewo. M'mbali mwa dambo musakumbe mozama. Mangani chimbudzi chokwezeka.

Septic tank yabwino imakhala ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kawiri kuposa chachiwiri. Madzi m'katimo azizama mita imodzi ndi masentimita 20 mpaka mita ndi theka. Paipi ya mamilimita 110 yochokera m'nyumba itsike sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse: ikatsetsereka kwambiri madzi amathamanga n'kusiya zolimba, ikagona imatsekeka. Polowera ndi potulukira ikani ma T (mapaipi ooneka ngati chilembo T), potulukirapo patsike masentimita 5 mpaka 8. Popanda T wa potulukira, mafuta ndi zoyandama zimapita ku soakaway n'kumata dothi, ndiye mumangoona madzi akuda atadikha kuseri kwa nyumba, udzu uli biriwiri ngakhale m'chilimwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi amisiri ena amene amasiya pansi pa thanki posawaka, kapena kusiya mipata m'njerwa, n'kumauza mwininyumba kuti ikatero sidzadzaza. Sidzadzazadi, chifukwa zonse zikupita m'madzi amene ana akumwa. Thanki iwakidwe pansi ndi konkire, ipakidwe pulasitala m'kati, ndipo idzazidwe madzi kwa tsiku lathunthu kuti muone ngati ikutaya. Yomwetsa nthaka ndi soakaway yokha. Yesani dothi lake: kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse pamene soakaway idzafike, thiranimo madzi agonemo, m'mawa mudzazenso. Akakhala tsiku lonse osaphwa, ndi dothi la makande, ndipo mufunika ngalande zazitali za miyala m'malo mwa dzenje limodzi. Amene ali m'dera la khonsolo apereke pulani ya zonsezi kuti ivomerezedwe. Kumudzi funsani a zaumoyo a pa kiliniki, a EHT, abwere adzaone malo.

Chitsime chiwakidwe m'kati, mamita 3 a pamwamba asakhale ndi mng'alu, khoma litumphuke kufika m'chiuno, pakhale chivindikiro, simenti yozungulira mamita 2 ndi ngalande yotaya madzi kutali. Chidebe ndi chingwe zikhale zachitsime chokha, zisagone pansi. Khola la nkhumba ndi ng'ombe lisayandikire. Kolera ya ku Vubwi kumayambiriro kwa 2023 inabwera m'nyengo ya mvula, nthawi imene zimbudzi zimasefukira, ndiye mvula ikayamba thirani klorini m'madzi akumwa monga mwalembedwa pa botolo, mudikire mphindi 30.

Chaka chilichonse pisani ndodo yaitali yokulunga nsanza yoyera m'chipinda choyamba cha septic tank. Matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu, itanani galimoto yopopa yovomerezeka, ndipo funsani kumene akataye. Munthu asalowe m'thankimo ngakhale itapopedwa, mpweya wa mmenemo umapha asanakuwe n'komwe.