Ulendo wathu wa ku Kapichira

Ife mainjiniya a zomangamanga tinanyamuka pa Ginnery Corner 6 koloko m'mawa kupita ku siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira, kosita itadzaza, pamodzi ndi ana athu asanu ophunzira ku yunivesite ya MUBAS amene a Tcheya anaumirira kuti asatsale. Cholinga mukuchidziwa kale: achinyamatawa aone ndi maso kuti ntchito yopanga magetsi si ya anzathu a mawaya okha.

Mapiri tinatsika bwino mpaka pa Thabwa, n'kuwoloka Shire, n'kudutsa pa boma la Chikwawa. Vuto linatipeza polowera cha ku Majete, pamalo ena adothi pomwe mvula ya usiku inanyowetsa makande. Adalaivala anaponda moto, matayala akumbuyo n'kumangozungulira, galimoto n'kukhala pansi ndi difu. Makande akamwa madzi amatupa n'kuterera, ndipo tayala likamazungulira limangodzikumbira dzenje. Apa mkangano unabuka. A ku misewu ankati tikankhe chobwerera m'mbuyo, a zoyeza dothi ankati tisakhudze kanthu tisanakumbe. Amayi Msungichuma ndiwo anaudula, n'kutumiza anyamata kukabwereka makasu awiri kumudzi wapafupi. Tinakumba kutsogolo kwa tayala lililonse motsetsereka, n'kumasula difu kumatope. Jeke tinaiika pathabwa, chifukwa pamakande jeke yopanda thabwa imamira yokha m'malo monyamula galimoto. Pansi pa tayala tinayala miyala ikuluikulu, timiyala ting'onoting'ono n'kutseka m'mipata, kenako nthambi. Titaphwetsako mpweya pang'ono, adalaivala analowetsa giya yachiwiri n'kutuluka mosathamanga. Zinatidyera maola awiri. A Mlembi, amene anabwera atavala nsapato zoyera, kuyambira tsikulo dzina lawo ndi a Makande, ndipo alivomera.

Pa siteshoni anatilandira bwino ngakhale tinachedwa. Kapichira ali ndi makina anayi, onse pamodzi opereka magetsi pafupifupi mamegawati (MW) 130, ndipo ndi womaliza kumunsi pambuyo pa Nkula ndi Tedzani. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu, madzi n'kusiya njira yopita ku makina, siteshoni yonse n'kuima mpaka 2023. Chimene chinazimitsa magetsi m'dziko muno nthawi imeneyo chinali dothi ndi madzi, ndipo chimene chinawabwezeretsa ndi ntchito yathu ya zomangamanga: kutchinga mtsinje ndi damu loyembekezera kuti madzi akwerenso.

Pakhoma la damu m'pamene tinakhalitsa, akuluakulu akuphunzitsa ana. Dothi la damu salithira mulu umodzi. Amayala masentimita 15 mpaka 30, kulinyowetsa pa mlingo wake, kulipondereza ndi rola, n'kuyeza ngati lafika pa 95 peresenti ya Proctor (muyeso wa kutsendereka kwa dothi wopezeka ku labu) kapena kuposa asanayale lina. Likauma kwambiri siligwirana, likanyowa kwambiri limafwamphuka pansi pa rola. Miyala yotchinga mafunde siikhala padothi penipeni. Pansi pake pamafunika mchenga ndi miyala yosefa kapena geotextile (nsalu yodutsitsa madzi koma yotchinga dothi), apo ayi madzi amakoka dothi m'mipata mpaka miyalayo kutitimira. Madzi otuluka kuseri kwa damu akakhala oyera mumangowayeza kuchuluka kwake tsiku ndi tsiku, koma akayamba kutuluka amatope ndiye kuti akudya khoma m'kati, ndipo pamenepo palibe kudikira kuche. Konkire nayo, makyubu ake a mamilimita 150 amaswedwa pa tsiku la 7 ndi la 28 poyeza kulimba kwake, ndipo m'kutentha kwa ku Chikwawa kuthira masana ndi kuitana ming'alu. Palinso mchenga wochokera kumtunda umene umakwirira damu. Wodziwa kuyeza kuya kwa madzi ndi kuwerengera matope sadzasowa ntchito pa Shire.

Za mwayi wa ntchito a Tcheya anazifotokoza tili pamthunzi. Mpatamanga, siteshoni yatsopano pakati pa Tedzani ndi Kapichira, akukonzedwa kuti adzapereke magetsi opitirira 350 MW ndi madamu awiri, ndipo adzafuna oyeza malo, oyeza dothi, oyang'anira konkire ndi omanga misewu. Minda ya sola, monga wa 60 MW ku Salima ndi wa 20 MW ku Golomoti, nayo imaima pa mizati yokhomedwa m'nthaka, yofunika kuyesedwa ngati mphepo singaizule, komanso ngalande zoti mvula isakokolole pansi pa mapanelo. Anawauza anawo kuti alembetse ku Malawi Engineering Institution, bungwe la mainjiniya, akangomaliza sukulu, ndipo azilemba m'buku ntchito iliyonse ya pasaiti, wowayang'anira n'kusainira.

Nkhomaliro tinadyera pa Dyeratu dzuwa litapendeka, nsima ya mlamba ndi kanyenya wa mbuzi. Mbale zinaperewera ziwiri chifukwa ena amene anati sadya mlamba ndiwo anayamba kusamba m'manja. Sitikutchulani, koma tebulo la kukhomo likudzidziwa.

Tikuthokoza amene anatiyendetsa pa siteshoni, adalaivala chifukwa chomvera malangizo a anthu ambirimbiri nthawi imodzi, ndi agogo aja anatibwereka makasu n'kukana ndalama. Zikomonso amayi Msungichuma pogula madzi okwanira. Amene simunamalize chopereka cha mafuta muwaone Lachisanu lisanafike, chifukwa kosita ya ulendo wa ku Golomoti ikufuna dipoziti.