Lachiwiri: tsiku lomwe mawa ndi dzulo zinandisokoneza

Lero ndadzuka ndi mantha, ndipo chondiopseza chinali kamawu kamodzi ka zilembo zitatu basi.

Pa ntchito yomasulira yomwe ndikugwira miyezi ino tilipo anthu a mayiko osiyanasiyana, aliyense akumasulira m'chinenero chake timauthenga ta pulogalamu ya pafoni yokumbutsa anthu zochita, ndiye tili ndi gulu pa WhatsApp lomwe timafunsirana zinthu. Usiku wathawu ine ndili mtulo anzathu awiri olankhula Chihindi amachezerana m'chinenero chawo, wina kufunsa kuti kodi mafayilo akufunika liti, winayo kuyankha mawu amodzi okha, kal. Ine kudzuka cha m'ma 5 koloko, maso asanayere nkomwe, ndakopera mesejiyo kuiponya m'makina omasulira aja, nde makinawo akundiuza kuti dzulo. Mtima unangoti phwii. Fayilo yanga inali isanafike ndi theka lomwe. Ndatsegula laputopu manja akunjenjemera, ndawalembera amene anafunsa za mafayilo aja meseji yaitali yopepesa kuti pepani achemwali sindinadziwe kuti tsiku linadutsa, ndipatseniko mpaka masana, ndikuyesetsa.

Patapita mphindi ngati khumi akundiyankha modekha kuti ayi musadandaule, tsiku lake ndi mawa. Mu Chihindi kal ndi dzulo, kal yemweyo ndi mawa.

Ndinawerenga kawiri. Ndawafunsa kuti nanga mumasiyanitsa bwanji, iwo akuti mneni ndi amene amakuuza. Ukati vah kal aaya tha ndiye kuti munthuyo anabwera dzulo, ukati vah kal aaega ndiye kuti adzabwera mawa, kal uja sasintha, chimasintha ndi mchira wa mneni. Ndiye poti mnzawo anangoyankha kal yekha opanda mneni, makina analibe pogwira, anangosankha mbali imodzi. Anawonjezanso kuti parson ndi chimodzimodzi, amatanthauza dzana komanso mkuja. Apa mpamene ndinamvetsa kuti chinenerochi chikuwerenga mtunda kuchokera pa lero, tsiku limodzi kapena masiku awiri, koma zoti ukupita kutsogolo kapena kumbuyo chimasiyira mneni. Ndipo zikugwira bwinobwino, anthu mamiliyoni ambirimbiri amapangana masiku chonchi tsiku ndi tsiku osasochera.

Mantha atatha ndinayenera kubwerera ku ntchito, koma kunena zoona mutu unali utapita kale kwina. Ndinafunsa pagulu kuti aliyense alembe mawa ndi dzulo m'chinenero chake, ndipo mpaka 10 koloko foni inali ikungolira.

Woyamba kuyankha anali m'bale wa ku Rwanda, akuti inu mukudabwa chani, kwathunso ejo ndi zonse ziwiri, tikafuna kuti zimveke bwino timati ejo hashize, ejo amene wapita, kapena ejo hazaza, ejo amene akubwera, ndipo ejobundi ndi dzana komanso mkuja. Wa Chilingala akuti lobi nayenso ndi choncho. Pomwepo ndakumbukira kuti Chibemba chili ndi mailo, yemwe amagwira mbali zonse ziwiri, mawu oti ndinawamvapo kambirimbiri koma sindinaimepo n'kuwaganizira. Zinandikhudza ndithu kuti chinthu chomwe m'mawa uno ndimachiona ngati chachilendo cha kutali ku India chili m'zinenero za Chibantu, abale ake enieni a Chichewa.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri lero ndi china. Mnzathu wa Chisipanishi analemba kuti mañana, n'kuwonjezera kuti mawu omwewo amatanthauzanso m'mawa, moti akafuna kunena za m'mawa wa tsiku lotsatira amati mañana por la mañana. Ndinangoti aaa, si mawa m'mawa ameneyu? Ndakhala ndikunena mawa m'mawa moyo wanga onse, pafoni, m'mameseji, paliponse, osamvamo kuti ndikubwereza mawu amodzi kawiri. Wa Chijeremani akuti nafenso, morgen wa chilembo chaching'ono ndi mawa, Morgen wa chilembo chachikulu ndi m'mawa, koma iwo sakonda kuwagundanitsa ndiye amati morgen früh. Wa Chipwitikizi akuti amanhã, mkati mwake muli manhã, m'mawa. Demain wa Chifalansa ndi domani wa Chitaliyana onse anachokera ku Chilatini de mane, mane kukhala m'mawa. Ngakhale tomorrow wa Chingerezi uja, morrow ali mkatimo ndi mawu akale otanthauza m'mawa, m'bale wake wa morgen. Chishona chili ndi mangwana ndi mangwanani. Kusasa wa Chizulu akuchokera ku ukusa, komwe ndi kucha kwathu komweku, ndipo kesho wa Chiswahili naye ndi wa banja la kucha. Achemwali a Chihindi aja anabweranso kudzatiuza kuti kal wawo anachokera ku mawu a Chisanskriti, chinenero chakale cha ku India, oti kalya, onena za mbandakucha.

Tangoganizani, anthu oti sanaonanepo, ena ku Ulaya ena ku Africa ena ku Asia, onse atafuna kutchula tsiku lomwe silinafike anagwira chinthu chimodzi, kuwala koyamba kuja ukadzuka.

Ndiye ndinati ngati mawa ndi m'mawa, nanga dzulo? Ndinalemba papepala dzulo, pansi pake madzulo, n'kungokhala chete ndikuyang'ana. Ndi omwewo. Tsiku lapita timalitchula ndi mbali yake yomaliza, yomwe ili pafupi nafe, pamene dzuwa limalowa tisanagone, ndipo tsiku likubwera timalitchula ndi mbali yake yoyamba, yomwenso ili pafupi nafe. Pakati pali tulo. Ndafunsa pagulu ngati ena alinso ndi zimenezi, wa Chirasha akuti eya, vchera ndi dzulo, vecher ndi madzulo, komanso zavtra, mawa, mkati mwake mwabisala utro, m'mawa. Wa ku Lithuania ndiye anachita kundisangalatsa, mbali zonse ziwiri zili poyera ngati zathu, vakar ndi vakaras, dzulo ndi madzulo, rytoj ndi rytas, mawa ndi m'mawa. Chichewa ndi Chilithuania palibe ubale uliwonse, koma apa zikuyenda ngati mapasa.

Panabukanso kamkangano kakang'ono kosangalatsa. Wa ku Poland analemba kuti mawa ndi jutro, wa ku Croatia n'kudumphira kuti ayi jutro ndi m'mawa, mawa ndi sutra. Onse akunena zoona. Mawu ndi amodzi, zinenero ndi zapachibale, koma kwina anakhalabe pa m'mawa pomwe kwina anasunthira pa tsiku lonse lotsatira. Womasulira amene akudziwa chimodzi n'kumaganiza kuti chinacho achimva chifukwa zikufanana, apa ndi pomwe angagwe.

Masana ndinagwira ntchito mwakhama, mizere 140 ndamaliza, ngakhale netiweki imadukaduka.

Pa ntchito pomwepo nkhani ija inanditsatiranso. Mu pulogalamuyi muli timabatani titatu pamwamba pa kalendala, dzulo, lero, mawa. Kwa ine zosavuta, mawu atatu afupiafupi, akukwana bwino. Koma achemwali aja anatiwonetsa vuto lawo, pabatani palibe mneni, nde ukangomasulira mawu ndi mawu zikutuluka kal, aaj, kal, mabatani awiri ofanana ndendende. Akuyenera kulemba beeta hua kal, kal amene wadutsa, ndi aane vaala kal, kal amene akubwera, koma mawuwo ndi aatali ndipo kabatani ndi kakang'ono. M'bale wa ku Rwanda vuto lomwelo. Amene anakonza pulogalamuyo ankaganiza m'chinenero chomwe masiku awiriwa ali ndi mayina osiyana, ndipo sizinawafikire m'mutu kuti kwina sizili choncho. Izi zimandipweteka pang'ono, chifukwa munthu amene adzatsegule pulogalamuyo kuti aone tsiku lomwa mankhwala kapena lokakumana ndi dokotala sakuyenera kulota kuti batani ili likunena tsiku liti. Tinagwirizana kuti tilembe limodzi pempho loti mabataniwo akulitsidwe komanso pansi pa lililonse pazioneka deti. Ndasainira nawo ndi mtima wonse ngakhale Chichewa sichikuvutika pamenepo.

Ifenso tili ndi zathu zomwe ena alibe. Ndimawafotokozera kuti ndikati ndibwera, nthawi zambiri ndikunena za lero lomwe kapena posachedwapa, koma ndikati ndidzabwera, ka dza kaja kakukankhira nkhaniyo kutsogolo, mawa kapena kupitirira. Ndiye uthenga woti pulogalamu idzakukumbutsani ndi woti ikukumbutsani si ofanana kwa ife, pomwe pa Chingerezi chomwe tikumasulira pali mawu amodzi okha. Ndimayenera kufunsa nthawi zonse kuti chikumbutsocho chikubwera liti ndisanasankhe. Komanso dzana ndi mkuja tili nawo mawu amodziamodzi, pomwe Chingerezi cha masiku ano chimachita kuzungulira ndi mawu anayi. Chijeremani chili ndi vorgestern ndi übermorgen. Chijapani chimapitirira, ashita, asatte, shiasatte, mpaka tsiku lachitatu. Chiswahili chili ndi kesho, kesho kutwa, mtondo, mtondogoo. Cha ku Georgia chili ndi khval, zeg, mazeg, timawu tifupitifupi tokoma kutchula.

Chakumadzulo ndinawaimbira amayi. Titapatsana moni ndawafunsa kuti amayi, kodi munayamba mwaganizapo kuti mawa ndi m'mawa ndi mawu amodzi? Anakhala kaye chete pang'ono, kenako akuti nanga iwe mwanawe, mawa limayamba liti, si kukacha? Anayankha ngati ndawafunsa chinthu chodziwikiratu. Ndipo iwo satchula mkuja ngati ine, amati mkucha, ndiye lero khutu langa lamvamo kucha koyamba. Ndinawauza za anthu omwe dzulo ndi mawa amatchula mofanana, iwo sanadabwe nkomwe, akuti bola ngati akumvana.

Nditadula foni ndinakhala pansi kuwerenga zina ziwiri zomwe anzanga anatchula masana.

Choyamba ndi cha Chigothi, chinenero chomwe chinafa kalekale, chachibale ndi Chijeremani ndi Chingerezi. Bishopu Wulfila anamasulira Baibulo m'chinenerochi m'zaka za m'ma 300, ndipo gawo lalikulu lomwe linatsala lili m'buku lolembedwa ndi inki ya siliva lomwe likusungidwa ku Uppsala, ku Sweden. Pa Mateyu 6:30, paja pakunena za udzu woti lero ulipo mawa waponyedwa pamoto, mawu omwe anaika pa mawa ndi gistradagis. Ukawayang'ana bwino ndi m'bale weniweni wa gestern wa Chijeremani ndi yesterday wa Chingerezi, omwe lero amatanthauza dzulo basi. Ndiye kuti ngakhale m'banja la zinenero zomwe lero zimasiyanitsa masiku awiriwa mwamphamvu, muzu umodzi unaloza mbali zonse ziwiri. Ndinamuganizira womasulira ameneyo, zaka zoposa 1,600 zapitazo, akusankha kamawu komweka komwe kandidzutsa ine ndi mantha.

Chachiwiri ndi cha mbali yomwe mawa lili. Ife timati m'tsogolo muno, masiku a m'mbuyomu, zobwera zili kumaso, zapita zili kumsana, ndipo ndimaona ngati aliyense amaganiza choncho. Koma mu Chitchaina, mawa ndi mingtian, tsiku lowala, apanso kuwala kwabwera, pomwe dzana ndi qiantian, tsiku la kutsogolo, ndipo mkuja ndi houtian, tsiku la kumbuyo. Zili ngati masiku aima pamzere, lomwe lafika msanga lili patsogolo, lomwe likubwera mochedwa lili pambuyo. Ndinayamba kudabwa kenako ndakumbukira kuti nafenso timati pambuyo pake tikutanthauza zomwe zachitika mochedwerapo. Anthu a Chiaymara, a m'mapiri a Andes ku Bolivia, Peru ndi Chile, ndiye amapita patali. Mawu oti nayra amatanthauza diso, kutsogolo, komanso zakale, moti chaka chatha amati nayra mara, pomwe qhipa ndi kumbuyo komanso zomwe zikubwera. Mu 2006 akatswiri awiri, Rafael Núñez ndi Eve Sweetser, anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti akuluakulu olankhula chinenerochi akamakamba zakale amaloza kutsogolo kwawo, akamakamba zobwera amaloza kumsana. Ndipo ukaganiza mofatsa zikumveka, zomwe zachitika unaziona ndi maso, zili poonekera, zomwe sizinachitike sunazione, zili komwe maso safika. Ndinayesera ndekha m'chipinda muno, kunena kuti mawa uku ndikuloza kumsana ndi chala chachikulu, ndipo thupi limakana, dzanja limafuna kupita kutsogolo.

Pano ili 10 koloko usiku, kwatsala mizere 60, ndiimaliza kukacha. Ndatchera alamu 5 koloko. Ndisanatseke foni achemwali aja alemba pagulu kuti kal milenge, ndipo ulendo uno sindinathamangire ku makina, ndayang'ana kaye mchira wa mneniwo, ndaona kuti ukufanana ndi wa aaega uja, ndiye ndawayankha kuti zikomo achemwali, tionana mawa m'mawa.