Timagulitsa zovala zomwe siziyenera kuoneka pa ukwati

Bizinesi yathuyi inayambira pa mashini osokera, ine ndinkasoka madiresi a ukwati mng'ono wanga n'kumayeza akwatibwi, ndiye vuto linali lomwelomwelo, munthu wabwera kudzayesa diresi atavala bra ya masiku onse, tamuyeza, tasoka bwinobwino, tsiku la ukwati wavala ina yatsopano yotukula mabere basi zipi ikukana kukwera. Wolakwa amakhala telala. Titatopa nazo tinayamba kuoda tokha zovala zamkati kuti mkwatibwi azisankha kaye zimenezo nsalu isanadulidwe, pano zosokazo ndinasiyira ena.

Nkhondo yaikulu ndi makasitomala imakhala pa mtundu. Aliyense amafuna zoyera poti diresi ndi loyera, chonsecho choyera chimaonekera pansi pa nsalu yoyera, makamaka kamera ikang'anima. Timatenga mitundu ingapo n'kumaika pamkono pa mwini wakeyo mpaka tipeze wofanana ndi khungu lake. Diresi likakhala la satini logwira thupi, panti ikhale yopanda misoko, ya lesi ija musunge ya usiku, sitikuletsani ayi.

Pa body shaper, chovala chamkati chothina chofinya mimba, nde pamavuta. "Asisi, ndipatseni yaing'ono mimbayi ilowe zenizeni." Timakana ndithu ngakhale ndalama ili m'manja. Nsalu yake ili ndi ulusi wotamuka uja anaupanga a kampani ya DuPont mu 1958, ambiri amaudziwa kuti Lycra, ndiye ya sayizi yanu yomweyo imagwira kale mokwanira. Yaing'ono imangopindika n'kutsika, mnofu n'kutulukira pamwamba, kupuma kukuvuta, chakudya osalowa. Akavala timawauza kuti khalani pampando, weramani, kwezani manja, vinaniko pang'ono. Komanso timaonetsetsa kuti ili ndi potsegula pansi, chifukwa kupita kuchimbudzi mutavala chidiresi chachikulu si masewera, ambiri sakumbukira zimenezi mpaka titawafunsa.

Bra yopanda zingwe imagwira ndi lamba wapansi pa mabere, lambayo akakhala wolefuka mukhala mukuikokera m'mwamba tsiku lonse anthu akuona. Ngati ndi bra yomata pakhungu ija, patsikulo musadzole mafuta pachifuwa, imaterereka.

Aliyense wogula kwathu timamupempha kuti zomwe wagulazo akavale popita kwa telala ulendo uliwonse, pamodzi ndi nsapato zake, ndipo asadzasinthe china diresi litamalizidwa.