Zimene ndaphunzira pa zenera la Hitchcock

Sabata ino m'kalasi yathu ya kalembedwe ka mafilimu anatipatsa ntchito yoonera Rear Window, filimu ya Alfred Hitchcock ya mu 1954, n'kulemba malo amene mtima unayamba kugunda. Ndinaonera pa laputopu usiku, foni ili m'manja, ndipo mphindi 30 zoyambirira maso ankangothawira ku foniko. James Stewart, wosewera wamkulu m'filimuyi, wathyoka mwendo, wangokhala pazenera ku New York kusuzumira anthu oyandikana nawo nyumba. Mfuti palibe, kuthamangitsana palibe.

Ndiye panafika pamene Grace Kelly, amene akusewera ngati chibwenzi cha Stewart, walowa m'nyumba mwa Thorwald, bambo wa m'nyumba yoyang'anizana nayo amene Stewart akumuganizira kuti anapha mkazi wake. Ife tili kutsidya, tikuona mawindo onse nthawi imodzi. Mtsikanayo ali kalikiliki kufufuza m'chipinda, uku mwini nyumba akubwera m'khonde, makiyi ali pafupi kulowa pachitseko. Iye sakudziwa kanthu. Stewart akuona zonse koma sangadzuke, akungonong'ona. Foni ija sindikudziwa kuti ndinaiyika pansi nthawi yanji. Ndipo Thorwald ataona mtsikanayo akugwedeza chala chimene wavala mphete ya mkazi wake uja, anatsatira ndi maso mpaka kuyang'ana m'kamera mwenimweni. Thupi lonse linachita tsemwe, ngati wagwidwa ndine.

Hitchcock anafotokozera François Truffaut, wopanga mafilimu wa ku France, za bomba lobisika pansi pa tebulo. Likangophulika mwadzidzidzi, woonera adzidzimuka masekondi 15. Koma mukamuonetsa bombalo ndi wotchi pasadakhale, avutika mumtima mphindi 15 pamene anthu a patebulopo akucheza nkhani wamba. Ndinali nditawerengapo zimenezi, koma ndinazimvetsa usiku umenewo. Mphindi zimene ndinkaziona ngati zogwetsa ulesi zija n'zimene zinandiphunzitsa chitseko chilichonse cha pabwalopo.

Zina zakalamba ndithu. Lero Stewart akanangomulembera mtsikanayo uthenga pafoni kuti thawa. Komanso mmene Stewart amanyozera chibwenzi chake chifukwa chokonda zovala zodula zinandiwawa, poti wolimba mtima m'nkhaniyi ndi mtsikanayo.

M'kankhani kamene ndikulemba ka wakuba ndalama za banki m'khonde, wakubayo ndinamubisa mpaka tsamba lomaliza. Dzulo ndamusamutsira pa tsamba 2, ndipo amayi ena onse aja akumupatsabe makiyi a bokosi kuti awasungire.