Mwana wa achemwali wamaliza digiri ya HR (zoyang'anira antchito), nde akufunsa kuti ntchito zake zili kuti

Lamlungu lapitali titangoweruka kutchalitchi mwana wa achemwali anga anatulukira kunyumba kuno ku Chilomoni atanyamula envulopu ya khaki, mkatimo muli CV, ma satifiketi ndi kalata ya komwe anapanga attachment. Tinadya nsima bwinobwino, koma ndinkaona kuti mwanayu ali ndi nkhani kukhosi. Titachotsa mbale m'pamene anati, "Anti, inu mwagwira za HR zaka zonsezi, tandiuzani zoona, ntchito zimenezi zikadalipo kapena ndinangotaya fizi ya amayi?" Wakhala pakhomo chaka ndi miyezi chimalizireni sukulu, wa apulaya paliponse mpaka bandulo kutha, intaviyu anaitanidwako kamodzi basi. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa fizi imeneyo ndikudziwa mmene inkapezekera, achemwali amagulitsa kaunjika ku Limbe.

Nde zomwe ndinamuuza ndati ndilembenso pano poti ndikudziwa kuti ali ngati iyeyu ndi ambiri.

Ntchito za HR zilipo. Koma munthu amene mabwana akumusaka panopa si uja wodziwa kulakatula ma theory a motivation pa intaviyu ayi. Akufuna munthu woti pa 20 mwezi uliwonse akhale pa kompyuta, atsegule payroll, malipiro a anthu atuluke olondola pa tsiku lake. Ndinamufunsa mwanayu kuti kodi bwana amaika zingati ku penshoni ya wantchito, anangoti kukamwa yasa, pamene zili poyera m'lamulo la penshoni kuti olemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito azidulidwa 5 peresenti. PAYE, msonkho uja umadulidwa pa malipiro, ikuyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo masiku ano zimenezi zimadutsa pa Msonkho Online. Palinso levy ya TEVETA ija ya 1 peresenti ya malipiro onse. Ovataimu ya tsiku wamba ndi kamodzi ndi theka, ya pa holide ndi kawiri. Izi ndi zomwe munthu wa HR amadya nazo tsiku ndi tsiku, ndipo amene amazidziwa bwino, kuphatikizapo Excel yeniyeni osati yongolemba mayina mu mzere, kapena wagwirako Sage (pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera ndalama ndi malipiro), sakhalitsa pakhomo. Ine pa ma CV onse amene andidutsa m'manja, a anthu oti angathe payroll okha popanda owagwira dzanja amakhala owerengeka kwambiri, ndipo ukamupeza mmodzi umachita kumusamala kuti ena asakulande.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu m'misika zinakwera mosaneneka, malipiro otsikitsitsa anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, nde kampani iliyonse ndalama yaikulu ikupita ku malipiro ndipo bwana akufuna munthu woti amuuze bwinobwino kuti tikakweza anthu mwakuti mwezi uzitidya zingati. Kulakwitsa ziro mmodzi pamenepo ndi nkhani yaikulu.

Koma payroll si manambala okha, ndipo apa mpamene ndinachedwapo kwambiri pomufotokozera. Malo ena amene ndinagwirako kale, tsiku lina kunalowa mu ofesi bambo wina wachikulire, mlonda, atavula chipewa n'kuchipanira m'khwapa. Anatulutsa m'thumba la jumbo ma payslip ambirimbiri opindidwa bwino, ena atafufuma inki, n'kuwayala pa tebulo panga limodzilimodzi. Anati, "Amayi, pepani kukuvutitsani, apapa mwezi uliwonse mwakhala mukundidula ya penshoni, koma ndapita kokafunsa akuti ndalama yanga sikuoneka." Nditafufuza ndinapeza kuti ndi zoona, ndalama zinkadulidwa pa pepala koma kwa miyezi ingapo sizinkatumizidwa, kampani inkatsekera mabowo ena. Usiku umenewo sindinagone. Bambo uja amachezera panja pa geti usiku wonse, kuzizira kwa mu June kuja, kudalira kuti akadzakalamba kali kena kake kakumudikira. Ndinalimbana nayo nkhaniyo mpaka inalongosoka, zinanditengera nthawi komanso kudana ndi anthu ena akuluakulu, koma kuyambira pamenepo mwezi ukatha sindikhala pansi ndisanaone ndi maso anga umboni woti za penshoni zapitadi. Munthu wa HR wotere ndi amene akufunika, ngakhale mabwana ena sakonda kumva zimenezi poyamba, amadzayamika akaona anzawo akulipitsidwa zilango.

Mbali ina imene ikusowa anthu ndi ya malamulo a ntchito, za ma hearing (kumva mlandu wa wantchito) ndi za kuchotsa anthu. Employment Act ya 2000 imanena momveka kuti sungachotse munthu popanda chifukwa chomveka komanso usanamupatse mpata woti adziyankhire. Koma mpaka lero alipo mabwana oti akapsa mtima amangoti "tuluka, usabwerenso mawa", kenako pakapita nthawi kalata yochokera ku Industrial Relations Court ija yafika, kampani ilipire chipukuta misozi chambiri kuposa chomwe ikanaononga ikanatsata ndondomeko. Antchito masiku ano atseguka m'maso, amadziwa njira ya ku Labour, amafunsana pa WhatsApp, ena mwana wawo anaphunzira za malamulo. Nde makampani azindikira kuti kukhala ndi munthu wodziwa kulemba charge sheet (kalata yomuuza wantchito mlandu wake), kuitanitsa hearing mwadongosolo, kulemba ma minitsi oti akaima nawo ku khoti osachita manyazi, n'kotchipa kusiyana ndi kulipira maloya.

Chaka cha 2025 chinationetsa zambiri pa nkhani imeneyi. Boma la America litaimitsa thandizo la USAID mu January, mabungwe ambiri amene amadalira ndalama zimenezo anayamba kutseka ma project, ndipo amene ankalemba makalata a retrenchment, ochepetsa antchito, ndi ife a HR, pena ukulembera anzako makalata ukudziwa kuti yomaliza idzakhala yako. Pamenepo mpamene pamaoneka wodziwa ntchito. Severance, ndalama ija amapatsidwa munthu ntchito ikamuthera chonchi, uwerengetse bwino, malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyamba, masabata 3 kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata 4 kupyola apo, uonjezere notisi, masiku a livi amene sanapite, makalata a ku penshoni akhale okonzeka. Ndipo uyang'ane munthu m'maso pomuuza, osati kumutumizira imelo Lachisanu madzulo iwe utathawa kale. Ine ndimakana zimenezo kwamtuwagalu. Munthu wagwira nanu zaka, ali ndi ana ku sukulu, ali ndi ngongole ku banki mkhonde, mukhale naye pansi mumufotokozere tambala iliyonse mmene yabwerera.

M'mabungwe amene atsala, chimene ndikuona m'ma advert ambiri ndi safeguarding, nkhani zoteteza ana ndi amayi komanso zothana ndi nkhanza zogonana pa ntchito, poti ma donor sakupereka ndalama popanda zimenezo ndipo Gender Equality Act ya 2013 imafunanso kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yake. Amene wapangako ka kosi ka zimenezi ali ndi mwayi. Komanso ndinamuuza kuti asamangoyang'ana m'tauni. Ku ma esiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ku nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ku fodya ku Kanengo nyengo yake ikafika, makampani a alonda, a zomangamanga, kumeneko anthu amalembedwa ambiri nthawi imodzi ndipo kalaliki wa HR amaphunzira m'chaka chimodzi zimene wa mu ofesi ya ma AC angaphunzire zaka zisanu. Achinyamata ambiri amakana, eti kutali, kulibe netiweki yabwino. Ine ndikanakhala wa zaka 24 lero ndikanapita osacheuka.

Tsono kalembedwe ka ntchito nakonso kasintha. Permanent ija makolo athu ankainyadira ikusowa, zambiri ndi ma kontilakiti a chaka chimodzi kapena miyezi 6, akuti tiona ngati ndalama zibwere. Kampani yaing'ono sikulembanso anthu atatu, ikufuna mmodzi, "HR and Admin", yemweyo payroll, yemweyo galimoto ndi ma dalaivala, yemweyo kugula sitationale, ndipo ena akungopereka payroll yonse kwa kampani ina yapadera kuti iziwapangira. Ma intern nawo achuluka, chiyambireni pologalamu ya boma ija mu 2018 zili ngati khomo lolowera ndi limenelo, ndipo ine sindidana nazo bola mwana aziphunziradi ntchito, osati kumusandutsa wopanga fotokope ndi kuphika tiyi kwa zaka ziwiri, zimenezo ndi kudyera ana a eni masuku pamutu.

Kale Lolemba lililonse tinkagula Nation ndi Daily Times n'kumadula ma vakansi ndi lezala, envulopu n'kukaponya ku positi ofesi. Pano zambiri zikuyenda pa imelo, pa LinkedIn ndi m'magulu a WhatsApp, intaviyu yoyamba pena ya pa Zoom. Ubwino wake ulipo koma ma CV akubwera ngati mvula, ntchito imodzi yokha inbox kudzadza osatha kuwerenga onse, ndipo ambiri akufanana mawu ndi mawu poti alembedwa ndi ChatGPT. Ndikawerenga kalata yokoma Chizungu koma osatchula ngakhale chinthu chimodzi chimene mwini wake anagwirapo ndi manja ake, ndimaiika pambali. Ndilembereni kuti pa attachment munkasunga ma faelo a livi a anthu angati, munkathandiza bwanji kutseka payroll, zimenezo ndiye ndimaima nazo.

Ndipo chonde abale anga, ntchito yeniyeni sigulidwa. Wina akakuimbirani kuti mwasankhidwa koma tumizani kaye ndalama ya fomu kapena ya medical pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo ndi wakuba. Mwana wa achemwaliyu anandiululira kuti anatsala pang'ono kutumiza, anachita kubwereka kwa mnzake, mwamwayi nambala ija inazima asanatumize. Za kulembana pachibale sindikana kuti zilipo, ndaziona, ndipo zimandinyansa chifukwa zimaipitsa dzina la tonse. Koma kudziwika chifukwa cha ntchito yako ndi nkhani ina, nde ndinamuuza kuti alowe IPMM, bungwe la anthu a HR kuno ku Malawi, azipezeka pomwe anzake a ntchitoyi akukumana, anthu amuone nkhope ndi kumva mmene amaganizira.

Asananyamuke ndinatenga pepala n'kumupatsa funso, munthu wagwira zaka 7 zathunthu, akumuchotsa pa retrenchment, severance yake ndi masabata angati? Anawerenga ndi zala, kufufuta, kuyambiranso, kenako anati 16, anti. Ndinamuuza kuti wakhoza. Loweruka lino akubwera m'mawa ndi laputopu ya mchimwene wake, ndakonza kale ka payroll kongoyerekeza ka anthu 30, alonda, ma dalaivala ndi a mu ofesi, muli ovataimu, ma advansi ndi mmodzi woti wayamba ntchito pakati pa mwezi, tikhala pa khonde mpaka atseke yekha.