Mtengo wa nkhani uzikambidwa isanalembedwe

Sabata ya mkonzi wa nkhani za pa intaneti imayamba Lolemba ndi kugawa ntchito kwa alembi oima paokha, aja olandira ndalama pa nkhani iliyonse. Zambiri zimalakwikira pomwepa. Mkonzi akangolemba pa WhatsApp kuti "mutipangire ya mitengo ya chimanga ku Lunzu" osatchula ndalama, ndiye kuti mkangano wa pakutha pa mwezi wayambika kale. Uthengawo uzitchula kutalika kwa nkhani, tsiku loitumiza, mtengo wake, komanso amene alipire thiransipoti ndi bandulo.

Pofika Lachitatu nkhani zimakhala zikulowa. Ya mawu 800 imaoneka yaifupi pa foni, koma mwini wake anakwera minibasi, anakhala pa benchi m'mawa wonse kudikira mkulu wa ofesi ya zaulimi, anaimbira anthu angapo ndi mayunitsi ake, n'kutumiza zithunzi ndi bandulo yake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera. Malipiro akakhala akale omwe aja, ndalama yoyendetsera tsambalo ikuchoka m'thumba mwa mlembi.

Zolipira potengera kuchuluka kwa anthu amene atsegula nkhani sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Nkhani ya mjigo umene watha miyezi uli wowonongeka singapose ya chibwenzi cha woimba, chonsecho yovuta kuilemba ndi ya mjigoyo. Mukamalipira chonchi, sabata yotsatira alembi amakutumizirani miseche yokhayokha.

Lachinayi nthawi zambiri limathera kuthamangitsana ndi okopera. Masamba ena a Facebook amatenga nkhani yonse n'kuchotsa dzina la mlembi. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zolemba, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa eni zolemba ndi zaluso, lilipo, koma musanadandaule jambulani screenshot yoonetsa tsiku, sungani link, chifukwa akangomva amafufuta.

Lachisanu n'la malipiro. Invoice, kalata yoitanitsira malipiro, ikhale ndi mutu wa nkhani, tsiku lomwe inatuluka ndi TPIN, nambala ya mlembi yolipirira msonkho. Ngati ofesi yadula withholding tax, msonkho wodulidwa pa malipiro wopita ku bungwe lotolera misonkho la MRA, mlembi apatsidwe satifiketi yake. Chimene chimachedwetsa kwambiri ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolembetsedwa m'dzina la mkazi wa mlembi kapena mchimwene wake: a ku ofesi ya ndalama akaona mayina akusiyana amabweza, ndipo ndalama imagona mpaka sabata ina. Potumiza, ya chotapira iwonjezedwe pamwamba, kuti kwa ejenti mlembi akalandire yonse imene munagwirizana.